Tsiku Limene Ndinamumvera Chisoni Milady

Chikhakha chinandikhazika pansi milungu isanu ndi umodzi. Kabaza amene ndinakwera m'mawa wina anagundidwa ndi galimoto imene inkabwerera m'mbuyo, mwendo wanga wakumanja n'kuthyoka pansi pa bondo. Basi ine pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kumangowerenga nkhuku za aneba. Magetsi akazima, foni nayo n'kutsatira, kunalibe chochita. Tsiku lina mwana wa achemwali anga amene ndimakhala naye, mtsikana wa Fomu 3, anabwera kuchokera m'tauni atanyamula chibuku chonenepa, chikuto chake chomatidwa ndi selotepi. Anali atagula kwa anyamata aja amayala mabuku akale m'mbali mwa msewu.

"Amalume, si lija mumakonda kulitchula mukakhala ndi anzanu?"

Linali lomwelo, The Three Musketeers la Alexandre Dumas. Koma kukula kwake kunandidabwitsa. Limene ine ndinkalidziwa kusekondale linali kabuku kopyapyala, ka Chingerezi chophweka, kodzaza zithunzi za amuna ovala zipewa za nthenga. Tinalipo anayi kuhositelo amene tinakawerenga mpaka masamba kuthothoka, ndipo tinagawana mayina a m'menemo. Ine, poti ndinali wosayankhulayankhula, anandipatsa la Athos. Ndinalikonda. Athos ndiye wamkulu pagululo, wodekha, wosaseka pachabe, womwa vinyo wake mwakachetechete chifukwa mkazi wina anamupweteka kalekale. Dzinali linanditsatira mpaka ukulu, moti anzangawo akandiimbira foni lero lino moni wake ndi womwewo.

Ndikulemba izi chifukwa buku lathunthulo, la mitu 67, linandichita chimene abale ndi abusa analephera kwa zaka 12. Ndinayamba kumvera chisoni mkazi woipa wa m'bukumo, ndipo chisonicho chinandikokera pakhomo pa mlandu wanga womwe.

Kwa inu amene simunaliwerenge: linayamba kutuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya ku Paris mu 1844, koma nkhani yake ndi ya zaka za 1625 mpaka 1628, nthawi ya Mfumu Louis XIII ndi nduna yake yaikulu, Kadinala Richelieu. Mnyamata wosauka wa ku Gascony, dzina lake d'Artagnan, akupita ku Paris kukafuna usilikali, n'kupalana ubwenzi ndi asilikali atatu olondera mfumu, Athos, Porthos ndi Aramis. Mdani wawo woopsa ndi mkazi wokongola amene Kadinala amamutuma zaukazitape, amene aliyense amangomuti Milady. M'kabuku kathu kaja Milady anali njoka basi. Amaba, amanama, amathira poizoni, ndipo kumapeto akamudula mutu iwe umapuma n'kuti zatha bwino. Ndinalowa m'buku lalikululi ndikuyembekezera kukakumana ndi njoka yomweyo.

Zinasintha pamene ndinafika pa nyumba ya alendo ya ku Amiens. Athos wadzitsekera m'chipinda chapansi chosungiramo vinyo kwa masiku ambiri, wamwa za mwiniwake mpaka kumuliza. D'Artagnan atamutulutsa, awiriwo akhala pansi kupitiriza kumwa, ndipo Athos akuyamba kusimba nkhani ya "mnzake wina." Aliyense amene anakhalapo pa mowa amamudziwa mnzake wina ameneyu.

Mnzakeyo anali mwini dera ku Berry, wa banja lolemekezeka, wa zaka 25. Anakonda mtsikana wa zaka 16, mlendo m'deramo, amene ankakhala ndi wansembe yemwe anthu ankati ndi mlongo wake. Athos akunena yekha kuti bwanayo akanafuna akanangomutenga mtsikanayo mokakamiza, pakuti ndani akanaimira alendo awiri osadziwika, koma poti anali munthu wachilungamo anamukwatira. Tsiku lina ali kosaka nyama, mkaziyo anagwa pahatchi n'kukomoka. Mwamunayo anasolola mpeni n'kudula zovala zimene zinkamuthina kuti apume bwino. Paphewa pake anaonapo chidindo chowotcha ndi chitsulo chamoto, duwa la fleur-de-lis, chizindikiro chimene boma la France linkadinda nacho akuba ndi apandu. Bwanayo anali ndi mphamvu zoweruza milandu m'dera lake. Anamaliza kung'amba zovalazo, anamumanga manja kumbuyo, anamupachika pamtengo.

D'Artagnan akufuula kuti kumeneko ndi kupha munthu. Athos akuvomera, akuti inde, kupha munthu, palibenso china, kenako akuitanitsa vinyo wina.

Ndinawerenga tsamba limenelo katatu, kufunafuna pamene mwamunayo anamufunsa mkazi wake funso. Palibe. Sanadikire kuti afotokoze, sanaitane wina aliyense, sanapite kukafufuza kuti chidindocho chinachokera kubwalo liti. Anaona phewa, chigamulo chinali chomwecho. Ndinatseka buku, ndinaliika pampando, ndipo nsima ya usiku umenewo sindinaimalize.

Ine ndinakwatira ndili ndi zaka 28. Mkazi wanga anali ndi mlongo wake wamng'ono amene ankakhala kumudzi ndi apongozi anga. Kamnyamata kaulemu, kamanyazi. Patchuthi kankabwera kwathu, kankandiitana kuti alamu, iye kankamuitana achemwali. Yunifomu ndi makope ndinkagula ndine, mosanyinyirika. Patapita zaka zitatu tili m'banja, tsiku lina madzulo ndinkafuna lisiti la lendi m'sutikesi yake. Pansi penipeni, m'kati mwa chitenje chopindidwa, ndinapeza buku la kusikelo, lakale, lofewa ngati nsalu. Dzina la mwana linali la kamnyamata kaja. Pa dzina la mayi panalembedwa dzina la mkazi wanga.

Anali kukhitchini, akupakula. Nditamuonetsa, chipande chinagwa pansi. Anagwada pomwepo pafupi ndi mbaula.

"Inu, ndiloleni ndikufotokozereni."

"Bodza la zaka zitatu ulifotokoza bwanji?"

Amenewo ndiwo mawu onse amene tinayankhulana. Ndinatulutsa sutikesi ija pakhonde, ndinaponyapo nsapato zake ndi ndowa yake, ndinakhoma chitseko. Nthawi inali itadutsa 9 koloko usiku. Amayi ena oyandikana nafe ndiwo anamutenga kukagona kwawo. Ankhoswe sindinawaitane. Atamva okha n'kubwera, ndinawauza kuti palibe chokambirana, umboni ndi uwu. Buku la kusikelolo ndinalisunga. Kwa zaka zambiri linali chida changa: wina akandifunsa za banja langa ndinkangofotokoza mwachidule, modekha, ngati munthu amene zinamupweteka koma sadandaula, ndipo anzanga ankagwedeza mitu n'kundigulira botolo lina. Athos weniweni.

M'mawa mwa usiku uja umene nsima sindinaimalize, ndinamutuma mwana wa achemwali anga uja kuti anditsitsire envulopu ya mapepala imene inali pamwamba pa wadirobu. Ndinabwereka pensulo yake. Buku la kusikelo lija ndinali nditaliyang'ana mwina kazana, koma sindinachitepo samu imodzi yophweka, kuchotsera chaka chimene mkazi wanga anabadwa pa chaka chimene mwanayo anabadwa. Yankho linali 16. Ndiye kuti mimbayo anaitenga ali ndi zaka 15 kapena atangokwanitsa 16, msinkhu wa mtsikana amene anali ataima pambali panga akudikira pensulo yake. Zaka 12 ndinkasimba nkhani ya mkazi amene anandinamiza, osaganizapo kuti m'nkhanimo munalinso mwana wa sukulu amene winawake anamupatsa mimba.

Ndinabwerera m'buku la Dumas ndi maso ena, ndipo ndinapeza zimene kabuku ka kusekondale kanatibisira. Chachikulu ndi cha d'Artagnan, mnyamata amene tonse timamuchemerera. Milady ankakonda mwamuna wina, de Wardes, ndipo ankamulembera makalata. D'Artagnan ananyengerera wantchito wa Milady, mtsikana dzina lake Kitty, amene ankamukonda ndi mtima wonse, kuti makalatawo azifikira kwa iye. Kenako usiku wina, nyali zitazimitsidwa, analowa kuchipinda kwa Milady akudzitcha de Wardes. Milady anamupatsa mphete poganiza kuti akupatsa wokondedwa wake. Pambuyo pake d'Artagnan analemba kalata yachipongwe m'dzina la de Wardes, Milady n'kupsa mtima, iye n'kubweranso monga mwini wake kudzalonjeza kuti amubwezerera, n'kugonanso naye. Atakhuta zonsezi ndi pamene anaulula, akuyesa kuti mkaziyo angolira pang'ono n'kumukhululukira. Milady anadzuka ngati walumidwa. Pomugwira, chovala chake chogonera chinang'ambika, phewa lija n'kuonekera.

Tisazungulire. Kulowa pabedi pa mkazi mumdima ukudzitcha munthu wina, kukanakhala kuti wachitiridwa ndi mlongo wako, sukanakutcha ukathyali wa anyamata. Dumas akulemba zimenezi moseketsa, d'Artagnan akuthawa m'misewu ya Paris atavala zovala za Kitty, ndipo wowerenga amaseka. Inenso ndinaseka, kenako ndinadzigwira pakamwa. Zigawenga zimene Milady anatuma kuti zikamuwombere d'Artagnan ku La Rochelle, ndi vinyo wapoizoni amene anamutumizira, zonsezo zikubwera pambuyo pa usiku umenewu. M'kabuku kachidule usikuwu mulibe, ndiye mkwiyo wake umaoneka ngati misala yobadwa nayo.

Chachiwiri chikuululika kumapeto, pamene amugwira m'kanyumba kena pafupi ndi Armentières, m'mphepete mwa mtsinje wa Lys. Athos atatchula za chidindo, Milady akuwatsutsa kuti apeze bwalo la milandu limene linamugamula chilango chimenecho. Ndipo akunena zoona: bwalo lotero kulibe. Amene akutulukira ndi munthu wovala chofunda chofiira, wodula mitu wa mumzinda wa Lille. Iyeyu akufotokoza kuti mtsikanayu anali sisitere, ndipo anakopa wansembe wachinyamata amene anaba ziwiya zopatulika za m'tchalitchi kuti apeze ndalama zothawira. Anagwidwa onse awiri. Mtsikanayo anathawa m'ndende, wansembeyo anagamulidwa zaka 10 ndi kudindidwa. Wansembeyo anali mbale wake wa wodula mituyo, ndipo ntchito yomudinda inagwera iye. Chifukwa cha ukali anamusaka mtsikanayo, anamugwira, anamumanga, n'kumuwotcha ndi chitsulo chomwecho, popanda woweruza aliyense womutuma.

Ndiye chidindo chimene Athos anapachikira mkazi wake sichinali chigamulo cha boma. Chinali mkwiyo wa mwamuna wina. Akanafunsa funso limodzi tsiku lija kuthengo, akanamva zimenezi. Mwina akanamusiyabe ukwati, ndipo palibe akanamudzudzula. Koma chingwe sichikanafunika.

Ndipo taonani amene akutiuza mbiri ya mkaziyu: mwamuna amene anamupachika, mwamuna amene anamuwotcha, mlamu wake Lord de Winter amene anamutsekera m'nyumba yake yamalinga, ndi mnyamata amene anamunyenga mumdima. Kuti mtsikana wosakwana zaka 16 ndiye "anakopa" wansembe wodzozedwa, tikumva kwa mbale wa wansembeyo. Anafika bwanji kunyumba ya masisitere, anamupereka ndani, ankafuna kapena ayi, bukulo lili duu. Mmene anapulumukira pamtengo paja, duu.

Apa ndiyenera kusamala, chifukwa ine ndi mtsikana uja tinakangana zenizeni. Iye anali atayamba kuliwerenga pambuyo panga, ndipo atamva ndikumuikira kumbuyo Milady anandidula.

"Amalume, nanga Constance anamulakwira chiyani?"

Ndinalibe yankho, ndipo mpaka pano ndilibe. Constance Bonacieux, wokondedwa wa d'Artagnan, anali atabisala kunyumba ya masisitere ku Béthune. Milady anafika komweko, anadzipanga mnzake, anamukumbatira, ndipo atamva mahatchi a asilikali aja akuyandikira, anatsegula mphete yake n'kuthira poizoni m'tambula ya vinyo. Anamumwetsa ndi dzanja lake. Constance sanamupachike, sanamuwotche, sanamunyenge. Anaphedwa kuti d'Artagnan amve kuwawa, basi. Palinso msilikali wina, Brisemont, amene anamwa vinyo uja wotumizidwa kwa d'Artagnan n'kufa akuphupha. Palinso mwamuna wake wachiwiri, mbale wa Lord de Winter, amene anafa imfa yokayikitsa atangomulembera chuma. Munthu amene angakuuzeni kuti Milady ndi wosalakwa sanawerenge bukuli. Chisoni changa sichimufufutira ngakhale mlandu umodzi.

Chimene ndinamuyankha mtsikanayo, patapita masiku awiri ndikusinkhasinkha, chinali chakuti tiyeni tilembe zochitikazo m'ndondomeko yake, chiti chinayamba, chiti chinatsatira. Tinatenga tsamba lapakati la kope lake. Kuwotchedwa paphewa. Kupachikidwa. Kenako ukwati wa ku England ndi imfa ija. Kenako ukazitape, kuba timiyala tiwiri ta dayamondi pa 12 timene mfumukazi ya France inapatsa Buckingham, nduna yamphamvu ya mfumu ya England. Kenako usiku wa d'Artagnan. Kenako zigawenga, vinyo, Felton (za iyeyu ndinena kutsogoloku), Constance. Mukaziyala chomwecho mumaona chimene Dumas amakubisirani ndi liwiro la nkhani yake: tsiku limene Athos anamupachika, mkaziyu anali asanaphe munthu. Zimene anadzachita pambuyo pake sizingakhale chifukwa cha chingwe chimene chinabwera poyamba. Koma wowerenga akafika kumapeto, ali ndi mtembo wa Constance m'maso, amabwerera m'mbuyo n'kumati Athos anaona patali.

Samu imeneyi ndinkaidziwa bwino chifukwa inenso ndinkaichita. Mkazi wanga sanapite mwakachetechete. Patatha mlungu anabwera ine kulibe, makiyi anali nawobe, anatenga wailesi, mapoto ndi matiresi. Satifiketi yanga ya Fomu 4 ndi mapepala ena a sukulu anawaotcha pambaula, phulusa lake n'kundisiyira m'mbale patebulo. Anapitanso kuntchito kwanga kukanditukwana pamaso pa anzanga, n'kunenanso zina zabodza zimene zinanditengera nthawi kuti zichoke m'makutu mwa anthu. Zinandipweteka, ndipo zinali zolakwika. Koma kunena zoona mumtima ndinakondwera nazo pang'ono, chifukwa tsopano ndinali ndi chowauza anthu: mwamuona? Si ndinanena? Phulusa lija ndinalisandutsa chifukwa chimene ndinamuthamangitsira, chonsecho linabwera patatha mlungu ndili nditamuthamangitsa kale.

Mitu imene inandigwira kwambiri ndi ya ukaidi wake ku England. Lord de Winter wamutsekera m'chipinda cha zitsulo m'mawindo, pansi pake nyanja, ndipo womulondera ndi John Felton, msilikali wachinyamata wa chipembedzo chokhwima cha a Puritan, amene anasankhidwa dala chifukwa chosatengeka ndi akazi. Milady alibe mpeni, alibe ndalama, alibe mnzake, ndipo masiku owerengeka akubwerawo amukweza sitima kupita kutali kosabwererako. Akumuyang'anitsitsa Felton, akuona mmene wagwirira buku la mapemphero a Chikatolika monyansidwa, basi wapeza khomo. Akudzisandutsa wa chipembedzo chake, akuyamba kuimba masalimo usiku. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo mayiyu ankaidziwa. M'masiku asanu Felton wagwa. Ndinadzipeza ndikumuchemerera, ine munthu wamkulu ndi chikhakha changa, chonsecho ndikudziwa kuti akumutsogolera mnyamatayo kukapha Buckingham, kenako kuchingwe.

Koma pali china chimene chinandivuta pamenepa. M'buku lonseli, malo amodzi okha amene Milady akusimba yekha nkhani yakuzunzidwa kwake ndi awa, ndipo ndi bodza. Akumuuza Felton kuti Buckingham anamuba, anamugwirira, n'kumudinda paphewa kuti anthu asadzamukhulupirire. Ife owerenga tikudziwa kuti akupeka. Ndiye mlembi watiphunzitsa kuti mkaziyu akangotsegula pakamwa kudandaula, tizitseka makutu. Pofika pa mtsinje wa Lys, pamene akunena zoona kuti palibe bwalo linamugamula, makutu athu ndi otseka kale.

Za Felton ndinakafufuza padera, chifukwa iyeyu ndi munthu amene anakhalakodi. John Felton anabayadi Buckingham ku Portsmouth pa 23 August 1628. Zifukwa zake zinali za msilikali wokwiya: malipiro ake sanapatsidwe, udindo anamumana, ndipo nyumba ya malamulo inali itamudzudzula kale Buckingham poyera. Munalibe mkazi m'nkhani imeneyo. Dumas anatenga mlandu wa mwamuna n'kuusenzetsa mkazi wopeka, ndipo zinakoma kuwerenga moti palibe amadandaula.

Usiku wa chiweruzo ndinauwerenga ndi tochi, magetsi atazima. Omuimba milandu ndi omwewo amene ali ndi chifukwa naye. Oweruza ndi Porthos ndi Aramis, anzawo a oimba milanduwo. Womuimira palibe. Milady akuwatcha amantha, akuti asonkhana amuna khumi kuti aphe mkazi mmodzi. Ndinawawerenga pa zala: asilikali anayi, antchito awo anayi, Lord de Winter ndi wodula mitu. Khumi ndithu. D'Artagnan, wamng'ono pa onse, mtima ukumulephera, akuti sangapirire kuona zimenezi, akuyamba kusendera kwa mkaziyo. Athos akusolola lupanga n'kumuimira kutsogolo. Kenako mmodzimmodzi akumuuza Milady kuti amukhululukira. D'Artagnan yekha ndiye akupepesa, akuvomera kuti chinyengo chake chija sichinali choyenera munthu waulemu ndipo ndicho chinaputa mkwiyo wake. Athos akukhululuka. Za mtengo uja sakupepesa.

Wodula mitu akumuwolotsa pabwato. Kutsidya Milady wamasula chingwe cha kumiyendo, akuyesa kuthawa, nthaka ndi yonyowa, akuterereka n'kugwa chogwada, ndipo akukhala momwemo. Thupi lake likuponyedwa m'madzi. Masamba ochepa kutsogolo, d'Artagnan akuima pamaso pa Richelieu, akutulutsa kalata imene Kadinalayo analembera Milady yonena kuti mwini kalatayi wachita zimene wachita molamulidwa ndi iye, kalata imene Athos anamulanda Milady atamuloza mfuti. Kadinala akuona kuti wagwidwa ndi msampha wake womwe, ndipo m'malo momulanga akumukweza udindo. Munthu amene ankamutuma mkaziyu ntchito zonse zonyansa sakutaya ngakhale tulo.

Ngati muli ndi ana amene akuwerenga mabuku awa kusukulu, musakhutire ndi timabuku tachidule. Odula nkhani amachotsa zochititsa manyazi za ngwazi n'kusiya zoipa zonse za mdani, ndipo mwana amakula akudziwa kuti anthu oipa amangobadwa choncho. Pezani lathunthu, ngakhale Chingerezi chake n'cholemera, muwerenge naye, ndipo akakufunsani funso lovuta musamutseke pakamwa. Wanga uja sanagonje. Mpaka lero amati Milady anayenera kufa, koma pamaso pa woweruza weniweni, masana, atapatsidwa mpata woyankhula. Ine ndimaona kuti waposa amalume ake.

Koma amene ndikufuna kwenikweni kuyankhula nawo ndi inu amene mwapeza kanthu m'sutikesi, kapena m'foni, kapena mwamva kwa alamu ataledzera. Sindikunena kuti kunamizidwa n'kochepa. Ine ndinanamizidwa ndi banja lonse, apongozi, alamu, ngakhale nkhoswe ya kuchikazi imene inakhala pamphasa tsiku la chinkhoswe ikudziwa zonse. Ukali wanu uli ndi malo ake, ndipo mwina ukwatiwo uthadi. Chimene ndikupempha n'chakuti musagamule usiku womwewo. Pitani mukagone kwa mbale wanu ngati simungathe kumuyang'ana. Itanani ankhoswe, ntchito yawo ndi imeneyo, ndipo muwaitane kuti adzamve, osati kudzawauza zimene mwagamula kale. Funsani kuti zinachitika liti, anali ndi zaka zingati, anaganiza zobisa ndani. Mukamva, chitani zimene mwaona kuti n'zoyenera. Ine ndikanamva, mwina ndikanachokabe. Koma sindikanamutulutsa usiku ngati galu wakuba ndiwo, ndipo sindikanathera zaka 12 ndikuyenda ndi buku la kusikelo la mwana wa eni.

Chikhakha atachichotsa, mtsikana uja anandipezera buku lotsatira, Twenty Years After. Mmenemo mwana wa Milady, Mordaunt, wakula, ndipo akusakasaka amene anapha mayi ake. Wodula mitu uja wavulala, akufuna kulapa asanafe, ndipo chimene chikumulemera ndi cha usiku wa pa Lys. Amene amubweretsera kuti amve kulapa kwake ndi mwana yemweyo. Mlandu suola. Ndinafika pamenepo n'kuliika pansi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka lina ndinakwera minibasi, ndodo yanga m'manja, kupita kwa amalume ake a mkazi wanga wakale, amene anali nkhoswe yake. Ndinawapeza akalamba, akusoka mphasa pansi pa mtengo wa mango. Anandizindikira, anandipatsa mpando, anafunsa za mwendo. Nditafotokoza chimene ndabwerera anakhala chete nthawi yaitali, singano ili m'manja.

Anandiuza kuti zobisa sizinachokere kwa mkazi wanga wakale uja. Anagamula ndi amayi ake ndi agogo ake mwanayo atangobadwa, kuti mtsikanayo abwerere kusukulu ndipo mudzi usamuloze chala. Kamnyamatako nakonso kanakula kakudziwa kuti ndi achemwali ake. Choonadi kanachimva mlungu umene ine ndinamuthamangitsa, kuchokera kwa ana anzake kudambo. Zimenezo sindinaziganizirepo ngakhale tsiku limodzi.

Ndinafunsa kuti bambo wa mwanayo anali ndani.

"Bambo, nthawi yofunsa funso limenelo inali ija," anatero, osakweza mawu. "Pano si lanunso."

Anandiuza kuti iye anakwatiwanso, ali ndi ana ena awiri, amachita geni ya kaunjika, ndipo mnyamatayo anamaliza sukulu. Sindinapemphe nambala yake, nawonso sanandipatse. Ndinatulutsa envulopu m'thumba la jekete, m'kati mwake muli buku la kusikelo ndi kakalata ka mizere inayi. Anaitembenuza uku ndi uku, anaiika pansi pa mwala umene ankatsamiritsira mphasa, n'kuitana mdzukulu kuti andiperekeze pamsewu.

Patatha milungu itatu foni yanga inalira, uthenga wochokera ku nambala yachilendo, wolembedwa ndi mdzukulu uja m'malo mwa agogo ake. Unali ndi mawu awiri: "Akuti alandira."